Solo ya Mpweya Waufupi

"Kodi munthu uyu wamubweretsa ndani?"

Anafunsa ndi Thanki, osatsitsa n'komwe mawu. A mabesi anayang'ana nsapato zawo, a masoprano anayamba kufufuza m'zikwama ngati ataya kanthu. Mwini wake wofunsidwayo, mnyamata wamtali wa malaya oyera opinda manja, anangoima pakhomo n'kumamwetulira ngati funsolo linali moni.

Kwaya yawo inali yaing'ono, ya anthu ogwira ntchito zina, okumana Lachinayi akaweruka ndi Loweruka masana. Ankaphunzirira m'kalasi ya sukulu ya mkaka, pa timipando ta ana tofiira ndi tachikasu, moti a mabesi akakhala, mawondo ankawafika kuchibwano.

Tsiku limenelo aliyense anabwera ndi mkwiyo wa konsati ya sabata yathayo. Anakayimba muholo ya hotela, mipando yambiri ili yokhayokha, ndipo pa nyimbo yomaliza a mabesi anatsetsereka n'kukokera kwaya yonse kudzenje.

"Sitinatsike ife," anatero mkulu wa mabesi, bambo wokonza mafiriji. "Ndi masopranowa anakwera okha mumtengo."

"Mtengo wake uti? Inu mumalira ngati firiji yoti yatsala pang'ono kufa!"

"Chete!" A Kwayamasitala, bambo wa imvi amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi koma osapuma pa kukalipa, anamenya tebulo. "Uyu ndi wopeka nyimbo. Komiti yamupempha kuti atipekere nyimbo yatsopano, yathuyathu, yoti tikayimbe pa konsati yokumbukira zaka khumi za kwaya ino."

"Zakalezi zikutikanika, ndiye tiwonjezere ina?" anatero Thanki.

Mlendoyo anatulutsa m'thumba kachitsulo ka mano awiri, n'kukamenya pabondo, n'kukayika kukhutu kuti amve kiyi yoyambira nyimbo.

"Wabwera ndi foloko," anang'ung'udza wa mafiriji uja. "Nanga chakudya chili kuti?"

Kuyambira pomwepo dzina lake linali a Foloko.

"Sindingasoke malaya osayeza munthu," anatero a Foloko. "Ndikufuna ndimve aliyense payekha. Mugwire mawu amodzi, mpaka pamene mungathere."

Anayimba mmodzimmodzi, ena n'kutsokomola, ena n'kuthera m'phwete. Itafika nthawi ya Thanki, anatsegula pakamwa n'kugwira mawu ake a aluto, osagwedezeka, osafulumira. Anthu anayamba kuyang'ana mawotchi. Wa mafiriji anayasamula dala. Dzina la Thanki silinabwere lokha: mtsikanayu anali ndi mpweya woti ukhoza kugawira mzere wonse n'kutsalako wa mawa.

Atamaliza, a Foloko anali atasiya kumwetulira.

"Ena timabwera kudzayimba, ena kudzapopa matayala," anatero mtsikana amene anaima pambali pake.

Ameneyo anali Perefyumu, mwachidule Pere, wa kubanki, amene fungo lake linkalowa m'kalasi iye asanatsike n'komwe basi. Iye ndi Thanki anali ataima phewa ndi phewa mu aluto kwa zaka, koma sanasekepo limodzi. Chinkawamangirira pamodzi ndi ntchito basi. Pa mawu aatali kwaya siyenera kumveka ikupuma, ndiye oyandikana amagawana: wina akaba mpweya, mnzake amagwira mawu, akabwerera, winayo n'kuba naye. A Kwayamasitala ankati kumeneko ndi kupumirana. Choncho Thanki ankawadziwa mapapo a Pere kuposa nkhope yake, chifukwa nkhopeyo sankaiyang'ana.

Ataweruka, Thanki anaima pamalo odikirira basi. Anamva mapazi kumbuyo.

"Chemwali, mpweya wonse uja mumausunga kuti?"

"Pamene anthu amasunga manyazi. Inuyo malo muli nawo ambiri, mukhoza kuyesa."

A Foloko anaseka mpaka kugwira mzati.

"Mwandida chifukwa chiyani?"

"Sindinakudeni. Kuda munthu kumafuna nthawi, ine ndilibe."

Basi inabwera, Thanki n'kukwera osacheuka. Asanafike kwawo foni inalira. Anali a Foloko, nambala ataitenga pa gulu la kwaya la pafoni.

"Ndayesa kuyamba mzere woyamba, koma ukungotuluka m'mawu anu. Nditani ine?"

"Imwani madzi, zitha."

Sizinathe. Lolemba a Foloko anatulukira pa famase, sitolo ya mankhwala imene Thanki ankagwirako ntchito, n'kuima pamzere moleza mtima kumbuyo kwa mayi wa mwana wachimfine.

"Ndikufuna mankhwala a munthu amene anamva mawu Lachinayi ndipo sakumuchoka m'khutu."

"A m'makutu ali kumanzereko. Wotsatira!"

Anagula thonje, n'kupita. Mawa lake anagulanso thonje. Lachisanu mnzake wa Thanki wa pakauntala anafunsa ngati bambo aja ali ndi chilonda chosapola.

Koma mtima ndi chitsiru, ngakhale wa munthu wa dipuloma. Ndani angakane mpaka kalekale munthu amene amamvetsera ukamayankhula ngati ukuyimba? Ndani? Mwezi usanathe, Thanki anali atasiya kumunena kuti inu.

Chipinda cha a Foloko chinali chaching'ono, kiyibodi itakhala pa tebulo lositira zovala chifukwa tebulo lina kunalibe. Loweruka lina m'mawa anamukhazika Thanki pa mpando wokhawo, iye n'kugwada pa kiyibodi paja.

"Tseka maso, mpweya wanga."

"Ndikatseka maso m'nyumba muno ndiponda mbale."

"Tseka basi."

Anayimba. Inali solo ya pakati pa nyimbo yatsopano ija, mawu ake ochepa: "Khomo ndasiya lotsegula, bwera mphepo isanalitseke." Koma mzerewo unali wautali, wokwera pang'onopang'ono, wokhota, wotsika ngati msewu wa m'phiri, wopanda poti munthu apumirepo. Iye mwini anathera panjira n'kutsokomola.

"Waona? Ine wopeka ikundikanika. M'kwaya monse muja palibe angaifikitse kumapeto, koma iwe wekha."

Thanki anaiyesa. Inamulowa ngati nsapato yakale. Atafika kumapeto mpweya unali ukadalipo, koma maso anali atanyowa, zimene zinamukwiyitsa.

"Solo imeneyi ndi yako," anatero a Foloko atamugwira manja. "Ndaisoka pa thupi lako ngati diresi. Wina aliyense akadzaivala idzamuthina. Ndipo ikangotha konsati, ndikubwera kudzaonana ndi achemwali ako, nditavala tayi!"

"Uli nayo tayi?"

"Ndibwereka. Koma a kwaya asadziwe kaye, wamva? Adzati ndakupatsa solo chifukwa cha chikondi."

"Si choncho kodi?"

"Ndi choncho kumene. N'chifukwa chake asadziwe."

Achemwali ake a Thanki, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, nkhaniyi anaimva akusita yunifolomu yawo ya ntchito.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amapeka nyimbo."

"Oho. Ndiye kuti kupeka ndi ntchito yake. Amalandirapo malipiro."

"Achemwali, inu simumudziwa."

"Ine sindikumudziwa, a kwaya sakuyenera kudziwa. Akudziwa ndani, khoma?" Anatembenuza malaya. "Bwera naye. Ndikufuna ndione nsapato zake."

M'kwayamo odziwa kuwerenga manotsi a nyimbo anali ochepa, ndiye a Foloko ankaphunzitsa nyimbo yawo pa foni. Ankadzijambula akuyimba mbali iliyonse n'kutumiza ku gulu. Solo yokha ankaitumiza kwa Thanki yekha, itakutidwa ndi mawu ena amene sanali a nyimbo.

"Wadzuka bwanji, mpweya wanga? Dzuwa latuluka koma kwanga kukadali mdima mpaka uyankhe."

"Lipira magetsi," ankayankha Thanki. Kenako ankaumvetseranso uthengawo m'basi, foni ataikanikiza kukhutu.

A Kwayamasitala atalengeza kuti solo ndi ya Thanki, palibe anadabwa. Pere anangoyang'ana zikhadabo zake.

Pakati pa zonsezi kwaya inaitanidwa kukayimba pa mwambo wotsegulira laibulale yatsopano. Kumeneko ndi kumene Thanki anazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, mphuno zake zinali pa mtendere: Pere sanadzole kalikonse. Chachiwiri, pa nyimbo yakale imene ankaipumirana bwinobwino kwa zaka, Pere anaba mpweya msanga, n'kubanso, n'kubanso, nthawi ya Thanki isanafike. Thanki anagwira mawu yekha mpaka anaona timadontho takuda m'maso.

Atangomaliza kuyimba, Thanki anamutsekereza Pere pakati pa mashelefu a mabuku.

"Iwe, mapapo ako anabooka?"

"Si paja ndiwe thanki? Thira."

"Timagawana. Sindinalembedwe ntchito yokupumira."

"Ndiye kadandaule ku komiti." Pere anakoka chikwama chake n'kudutsa, phewa lake litagunda la mnzake.

Sizinasinthe. Lachinayi lililonse mpweya wa Pere unkafupikirafupikira, ndipo chifuwa cha Thanki chinaphunzira chokha malo atsopano amene mnzakeyo ankathera. Ankagwira mawu asanaganize n'komwe, kenako n'kumutukwana chamumtima.

Nthawi yomweyo uthenga wina unafika.

"Mpweya wanga, ndakonza pang'ono solo ija. Upume ukangonena kuti 'lotsegula'. Ikukoma kwambiri choncho, ukhulupirire ine."

Thanki anadabwa, koma anamvera. Sabata yotsatira kunabweranso wina.

"Kokongola kanga, kapumidwe kamodzi kokha, pambuyo pa 'bwera'. Komaliza, ndikulonjeza!"

Sikanali komaliza. Msewu wa m'phiri uja unadzaza ndi zipata. Ndipo munthu wa mpweya wambiri ukamuuza kuti apume mapapo akadali odzaza, zili ngati kukakamiza chakudya munthu wokhuta. Thanki ankaiwala kupuma, akakumbukira ankapuma mochedwa, akapuma ankatsamwa.

"Imani, imani!" A Kwayamasitala anagwira mutu. "Mukuyimba ngati galimoto ya wophunzira kuyendetsa! Pumani pamene wopeka wanena!"

"Sindikufuna mpweya pamenepo."

"Sindinafunse zimene mukufuna!"

"Thanki yadzaza, ikutayikira," anatero wa mafiriji, a mabesi n'kugwa nacho chiseko pa timipando tawo.

Thanki anayang'ana pakona. A Foloko anakhala pansi pa chithunzi cha nyamalikiti, akutembenuza kachitsulo kawo m'zala, maso ali pansi.

"Mwina tinafulumira," anatero a Kwayamasitala mwapansipansi, koma onse anamva. "Mwina solo iyi si yanu."

Pobwerera, Thanki anamudikirira a Foloko kuseri kwa mpanda wa sukulu, kumene ankakumana kuti anthu asawaone.

"Bwanji sunandiyankhulire?"

"Ndikanayankhula akanadziwa za ife."

"Nanga ukuiduliranji? Inali bwino."

"Chikondi chimapuma mwabefu, mpweya wanga. Munthu woyembekeza wokondedwa pakhomo sayimba ngati sitima. Ndi luso limenelo, uzimvetsa pang'onopang'ono."

"Ndiye kuti ndine mbuli."

"Ndiwe mfumukazi! Taseka pang'ono, ukundiopsa."

Sanaseke. Koma asanafike kunyumba foni inalira: "Ngakhale kwaya yonse ikuukire, ine ndili kumbali yako mpaka kufa!" Ndipo iye, wa dipuloma yake yemweyo, anaima m'bafa tsiku lililonse n'kumadziphunzitsa kupuma ngati munthu wodwala, achemwali ake akugogoda kufunsa ngati aitane ambulansi.

Loweruka lomaliza konsati isanachitike, m'mawa, kunafika uthenga wina. Kapumidwe kenanso, pakati penipeni pa mzere womaliza, mawu oti "isanalitseke" asanayambe. Thanki anaumvetsera ali pa ntchito, akuwerengera munthu mapiritsi.

Womulandira pakauntala anachedwa tsiku limenelo, ndiye anafika kusukulu kuja kwaya itayamba kale. Anadutsa pa makatungwe a ana, n'kukwera pakhonde. Ali pafupi ndi zenera anamva kwaya ikutsika mawu, kusiyira malo solo. Anafulumira. Kenako anaima.

Wina anali atayamba kuiyimba.

"Khomo ndasiya lotsegula..."

Anali Pere. A Kwayamasitala ayenera kuti anafuna wogwirizira kuti nthawi isatayike. Thanki anatsamira khoma, pakamwa patakonzeka kale kuseka. Aone mmene diresi la eni limathinira!

Silinathine.

Pere anapuma pambuyo pa "lotsegula", ndipo kupumako kunamveka ngati mbali ya nyimbo. Anapuma pambuyo pa "bwera", ndipo kunamveka ngati munthu amene waimadi pakhomo, mtima uli m'mwamba. Malo onse amene Thanki ankapunthwa, Pere ankatsetsereka ngati madzi.

Koma chimene chinamuzizira Thanki m'mafupa sichinali kukoma kwake. Chinali chifuwa chake chomwe. Pere asanapume, chifuwa cha Thanki chinkadzikonzekeretsa chokha kuti chimugwirire mawu, monga chinazolowera miyezi yonseyi. Sichinaphonye ngakhale kamodzi. Zipata zonse zija zinaikidwa pamalo enieni amene mpweya wa Pere unkathera. Ndani akanawadziwa malo amenewo? Thanki ankawadziwa chifukwa ankaima naye phewa ndi phewa. Nanga wopekayo anawadziwira kuti? Anaima naye pafupi bwanji?

Mzere womaliza unafika. Pere anaima, n'kukoka mpweya mawu oti "isanalitseke" asanayambe. Kapumidwe ka m'mawa womwewo. Kotumizidwa kwa Thanki yekha.

Anasuzumira pazenera. Diresi la Pere linali lotaya, losamanga m'chiuno monga ankavalira kale, ndipo dzanja lake linali litagona pamimba mosadziwa mwini wake. Pakona paja, pansi pa nyamalikiti, a Foloko maso sanali pansi. Milomo yawo inkayenda limodzi ndi ya Pere, mapewa akukwera pamene iye akupuma.

Kwaya inaomba m'manja, chinthu chimene sinkachitira munthu. Thanki analowa, m'manja muja n'kuzima mmodzimmodzi.

"Pitirizani," anatero. "Ndamva kuti kuli chikondwerero."

"Tipume kaye pang'ono," anatero a Kwayamasitala msangamsanga.

Pere anatuluka kupita kosamba m'manja. Thanki anamutsatira. Masinki a pasukulupo anali a ana, ofika m'mawondo, ndipo anamupeza atawerama kwambiri, akudzithira madzi kumaso.

"Miyezi ingati?"

Pere anatseka mpopi. "Sizikukukhudza."

"Zikundikhudza. Ndakhala ndikukupumira iwe ndi mwana wako yemwe, osalandira ngakhale zikomo. Solo wakuphunzitsa ndani?"

"Mwini wake."

"Liti?"

"Nthawi imene iwe unkagulitsa panado." Pere anawongoka, n'kumuyang'ana m'maso koyamba pa zaka zonsezo. "Usandiyang'ane ngati ndaba. Za iwe ndikuzidziwa. Anandiuza kuti unkamuthamangira, anakumvera chisoni masiku ochepa, n'kukusiya kalekale. Solo akuopa kukulanda chifukwa pakamwa pako aliyense amapadziwa."

"Kalekale?"

"Kalekale. Ndipo ikatha konsati akukaonana ndi bambo anga."

"Atavala tayi?"

Chikope cha Pere chinagwedezeka.

Thanki anatulutsa foni. Sanafufuze nthawi yaitali, uthengawo unali pamwamba penipeni. Anaika foniyo pa sinki n'kukweza mawu.

"Wadzuka bwanji, mpweya wanga? Usiku wonse ndimangokulota. Tamvera, kapumidwe kamodzi kokha, komaliza. Pirira, kwatsala sabata imodzi, kenako dziko lonse lidziwa kuti ndiwe wanga. Uwauze achemwali akonzeke..."

"Zimitsa."

"Sanamalize. Kumapetoko amayimba."

"Ndati zimitsa, mfiti iwe!"

Thanki anazimitsa. Pere anagwira kasinki kaja ndi manja onse, akupuma mofulumira, timpweya tating'onoting'ono. Thanki anapeza kuti akumuwerengera mumtima, ndipo anadzida.

"Wasangalala?" anafunsa Pere, osadzutsa mutu.

"Kwambiri. Sukuona ndikuvina?"

Anamusiya pomwepo.

A Foloko anali akudikirira pa makatungwe, manja onse m'thumba. Atamuona anathamanga.

"Mpweya wanga, ndimvere kaye..."

"Bambo, dzina limenelo mulibweze kumene munalitenga."

"Bambo? Ine ndasanduka bambo?"

"Simunamve? Kafunseni kosamba m'manja uko, akuuzani mwezi wake."

A Foloko anakhala pa katungwe, kakang'ono moti anangokwanira theka.

"Zinangochitika. Ndikulumbira, sindinakonze. Ndimafuna ndikuuze ikatha konsati, kuti ndisasokoneze kwaya."

"Kwaya! Mtima wabwino bwanji!" Thanki sanakweze mawu. "Kundisiya mukanatha kundisiya, anthu amasiyana tsiku lililonse. Koma inu munafuna kuti ndizichoka ndekha. Munkadula nyimbo pang'onopang'ono kuti indikanike, a Kwayamasitala andichotse okha, anthu aziseka, inu manja oyera pakona paja. Ine n'kumadzitsamwitsa m'bafa kuti ndikusangalatseni."

"Sizinali choncho..."

"Zinali bwanji?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Munthu amene mawu ankamutuluka ngati mpopi wophulika!

"Pere sakanaikwanitsa yoyamba ija," anatero pomaliza. "Analira. Ndikanatani? Koma yoyambayo inali yako, Thanki. Imene ija sindinakunamize. Sindinapekepo chinthu chokongola ngati chimene chija."

"Ndikudziwa. Ndipo munachidula ndi manja anu omwe."

"Ndikhoza kuibwezera! Lero lomwe! Ungonena, ndichotsa zonse ndinawonjezera, iyimbidwe mmene inalili. Ndimakukonda, ukudziwa iwe."

"Mukamuuza chiyani uyo?"

"Ndiona... ndipeza njira."

"Muidulanso pena."

"Nanga ife?"

"Ife ndani?"

A Kwayamasitala anaomba m'manja pakhomo kuitana anthu. Thanki anatembenuka, n'kulowa.

M'kalasimo munali zii. Makoma a sukulu ya mkaka ndi opyapyala, ndipo masoprano ali ndi makutu. Wa mafiriji, amene sankasowa chonena, ankangokanda utoto wa kampando kake. Pere analowa pomaliza, maso ofiira, mutu uli m'mwamba, n'kukaima pamalo pake mu aluto. Thanki anali ataima kale pake. Pakati pawo panatsala mpata woti munthu wina akhoza kuimapo.

A Kwayamasitala anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Konsati ndi Loweruka likubwerali. Matikiti anthu agula. Ndikufuna ndidziwe lero amene ayimbe solo. A Foloko, nyimbo ndi yanu, tiuzeni."

A Foloko anaima pakhomo pomwe anaima tsiku loyamba, koma osamwetulira.

"Zili kwa inu, a Kwayamasitala. Ine ndingotsatira."

"Mwamuna ameneyo," anatero wa mafiriji, osayang'ana munthu.

"Chabwino," anatero a Kwayamasitala. "Makutu ndili nawo, ndamva mmene yamvekera lero. Koma solo ndinaipereka kwa Thanki pamaso pa nonse, ndipo sindilanda munthu chake iye asananene. Mwana wanga, ukaifuna ndi yako, uiyimbe mmene ungafunire, ngakhale mpweya umodzi. Ndipo awirinu sindikukakamizani kuimanso pamodzi. Mmodzi apite kumapeto uko, ndimuikira wina womupumira."

"Ine ndichoka," anatero Pere mwaukali. "Solo yakeyo atenge. Sindinabwere kudzapempha zotsala."

Anawerama kuti atole chikwama.

"Ima pomwepo," anatero Thanki, osamuyang'ana.

Kwaya yonse inatembenuka.

"Solo ayimba uyu. Bambo awo atuluke. Ine musandisunthe, ndiima pomwe ndimaima."